Khosi Louma la Wabuledi

Kuseri kwa depoti ya kampani ina yonyamula katundu kunali bwalo lafumbi lophunzitsirapo madalaivala atsopano, ndipo mfumu ya bwalolo anali a Galasi. Dzina lawo lenileni linatsalira m'mafayilo a mu ofesi. Ili linawakakamira chifukwa sankatha kulankhula mawu khumi osatchulapo galasi. Ngakhale wongowapatsa moni ankachoka atauzidwa kuti galasi lake lakumanzere lili ndi fumbi.

Anayendetsa thiraki zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Kenako matenda a shuga anawatsitsa pa chiwongolero, maso atayamba kuchita chidima. Kampani, pochita manyazi kuwataya ngati tayala lakutha, inawapatsa bwalo lija, makoni ofiira apulasitiki khumi ndi awiri oikira malire, thiraki imodzi yokalamba ya thirela yaitali, ndi kachipinda kuseri kwa galaja. M'kachipindamo anaikamo bedi lopapatiza ngati la m'thiraki, ngakhale malo a bedi lalikulu analipo. Kapu inali imodzi, mbale imodzi, mpando umodzi. Lamlungu, bwalo likangoti zii, ankachapa jekete yawo yowala ija, kuiyanika pa waya, n'kukhala pakhomo kuidikira kuti iume. Anali munthu wosungulumwa ndipo ankadziwa, koma anazolowera monga timazolowerera dzino lobooka, kumangotafunira mbali inayo.

Ankaphunzitsa zambiri: kuzungulira thiraki usanakwere, kugogoda matayala ndi nyundo, kumvetsera mpweya wa mabuleki, kumanga katundu. Koma phunziro limene ankalankhula mitsempha ya m'khosi itatuluka linali la kubweza m'mbuyo. Dalaivala wa thiraki saona zimene zili kuseri kwa thirela, choncho pansi pamaima munthu, wolondolera, pamalo poti azioneka pagalasi, n'kumalozera ndi manja. Lamulo la a Galasi linali limodzi, ndipo gulu lililonse linkaliloweza tsiku loyamba:

"Wolondolera akasowa pagalasi, imani. Musamuganizire kuti wapita kukamwa madzi. Imani, mangani mabuleki, tsikani, mukamufune."

Akadali mnyamata anaona mnzawo atapanikizidwa pakati pa thirela ndi khoma la nyumba yosungira katundu. Munthuyo anangowerama kuti atole cholembera chake. Nkhaniyi ankaifotokoza kamodzi kokha pa gulu lililonse, mwachidule, ali chiyang'anire pansi.

Vuto linali lakuti munthu ukaima kumapeto kwa thirela, nkhope ya dalaivala imaoneka pagalasi ngati kandalama kachitsulo. Maso ake sungawaone, makamaka ako akakhala a shuga. Ndiye a Galasi anapeza nzeru: wophunzira aliyense ankamuveka kapusi yoyera. Mlomo wa kapusi ukatembenukira kugalasi, ndiye kuti wayang'ana. Ukapanda kutembenuka, sanayang'ane, basi, mlandu watha. Pa pepala la mayeso panali mzere woti amayang'ana wolondolera, ndipo wolakwa mzere umenewo ankalephera mayeso onse, ngakhale zina zonse atakhoza. Mwayi unali uwiri. Wolephera kawiri ankabweza kapusi n'kuona msewu.

Lolemba lina kunabwera gulu latsopano, amuna asanu ndi mmodzi ndi mkazi mmodzi. Mkaziyo anali atayendetsa kagalimoto ka buledi zaka zisanu ndi zitatu, choncho tiyi wa m'mawa asanazizire anzake anali atamupatsa kale dzina loti Wabuledi. A Galasi atafika pa dzina lake poitana mayina, lilime linawalemera. Anali mwana wawo, mmodzi yekhayo amene anali naye.

Sikuti anathawa banja, a Galasi. Munthu wothawa banja amakhala ndi tsiku limene anachokera. Iwo ankangochedwa kubwera: poyamba pakatha milungu iwiri, kenako mwezi, kenako ulendo wina unkayamba unzake usanathe, mpaka kunyumba kunasanduka malo ongodutsapo. Mkazi wawo atamwalira, uthenga unawapeza kutali, ndipo anafika maliro ataikidwa dzulo lake. Mwanayo anawalandira, anawapatsa madzi akumwa, anakawaonetsa manda, zonse mwaulemu woyenera mlendo. Kuchokera pamenepo panadutsa zaka zinayi osaonana, ndipo nambala yake ya foni imene anali nayo inasiya kugwira.

A Galasi anaitana dzinalo.

"Ndilipo, aphunzitsi," anayankha choncho Wabuledi, maso ali pa khoma.

Anamupatsa kapusi yake ngati ena onse, n'kumuuza kuti aichepetse kumbuyoku ngati yakula. Mwana amene anamunyamulapo pa phewa anamulankhula ndi inu, ndipo iye anati zikomo.

Mnzawo yekhayo pa depoti anali makaniko wamkulu, bambo wamimba yake, amene ankamwa naye tiyi wa teni koloko atakhala pa matayala akale. Makanikoyo sanachedwe. Tsiku lachitatu anayang'ana Wabuledi akudutsa, n'kuyang'ana a Galasi, n'kunena kuti mphuno imeneyo anaionapo penapake, ndipo sakukhulupirira kuti fakitale yake inatulutsa zoposa ziwiri. A Galasi anamupempha kuti atseke pakamwa. Iye analonjeza, n'kuwonjeza kuti pakamwa atseka, koma mphunozo aziphimba ndani?

Thirela ndi chinthu chamwano. Pobwerera m'mbuyo, ukakhotetsa chiwongolero kumanja, iyo imaloza kumanzere, ndipo ukaipsera mtima imapindika n'kubwera kudzakuyang'ana pawindo. Amuna aja inawaonetsa zakuda. Wina, amene kale ankayendetsa takisi ndipo ankadzitama kuti msewu anabadwira momwemo, anaphwanya makoni mpaka makaniko ankachita kuwawongola ndi madzi otentha. Koma Wabuledi thirela inkamumvera. Ankailowetsa pakati pa makoni pang'onopang'ono, osagwedeza ngakhale imodzi, ndipo akatsika sankayembekezera kuti wina amuyamikire. A Galasi ankanyada mumtima mpaka kusowa poyang'ana. Ankafuna kuuza aliyense, ngakhale mlonda wa pageti, kuti dzanja limenelo n'lakwathu, koma ufulu wonena zimenezo anautaya pamsewu kalekale.

Pa mlungu wachiwiri ndi pamene anaona chinthu chimene chinawadula njala. Wolondolera akakhala mmodzi wa ophunzira anzake, kapusi ya Wabuledi inkatembenuka bwinobwino, kumanja, kumanzere, kumanja. Koma iwo akavala jekete yowala n'kukaima kumbuyo, khosi la mwanayo linkangoti gwa. Kapusi inkaloza kutsogolo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Thirela inkalowa ndithu pamalo pake, koma a Galasi ankaona kuti akungoponya manja m'malere ngati wothamangitsa ntchentche. Anaganiza kuti mwanayo wangoloweza bwalolo pamtima, ndipo wasankha kuyendetsa mwakhungu kusiyana n'kuti aone nkhope yawo, ngakhale yaing'ono ngati kandalama.

Anayesa kunena pagulu, osaloza munthu, kuti khosi silinapangidwe ndi simenti. Onse anaseka, Wabuledi analemba m'kope mwake. Mawa lake kapusi inali chilozere kutsogolo.

Pa mayeso wolondolera ankakhala mphunzitsi, lamulo la kampani linali lotero. Lachisanu la mlungu wachitatu Wabuledi anaimika thirela pakati penipeni pa makoni, moti ukanayeza ndi chingwe mbali zonse zikanafanana. Anzake anaomba m'manja. A Galasi anaima ndi pepala nthawi yaitali, cholembera chili m'mwamba, kenako analemba mtanda pa mzere uja.

Wabuledi anawerenga pepalalo mosafulumira.

"Mwalemba kuti sindinayang'ane."

"Kapusi sinatembenuke."

"Chabwino, aphunzitsi."

Anasaina n'kubweza cholembera. Akanakhala kuti anakalipa, a Galasi akanapeza pogwira. Koma ulemu umenewo unawapweteka kuposa mwano, ndipo madzulo ake sanayatse n'komwe mbaula.

Lamlungu limenelo linatalika. Anachapa jekete, anaiyanika, anakhala pakhomo. Anasesa kachipinda kamene kanali kosesa kale. Kenako anapita kukakwera m'thiraki yokalamba ija n'kukhala pa mpando wa dalaivala, umene unali utasunthidwira kutsogolo mmene mwanayo anausiyira Lachisanu, mawondo awo n'kumagunda chiwongolero. Sanaubweze. Anakhala choncho mopanikizika, akuyang'ana bwalo lopanda munthu pagalasi lakumanja, mpaka jekete inauma.

Lolemba pa tiyi makaniko anawauza mosapsatira mawu. Anati mwanayo amayendetsa kuposa theka la madalaivala a pa depoti pano, ndipo aliyense akudziwa. Anati Lachisanu likubwerali angochonga mzerewo, palibe amene adzakwere pa thirela kukayeza khosi la munthu. Akamulepheretsa kachiwiri, mwanayo abwerera ku buledi, ndipo iwo adzamuonanso pa maliro ena, mwina awo omwe.

A Galasi anazunguliza tiyi m'kapu.

"Ukunena zoona," anatero. "Koma pamsewu adzakumana ndi olondolera ambiri amene sadzawakonda. Wina adzamutukwana pageti, wina adzamunyoza kuti ndi mkazi. Ngati sayang'ana munthu amene wamukwiyira, tsiku lina adzatsika n'kupeza munthuyo ali pansi pa matayala. Bola adane nane ine, ali ndi manja oyera."

Makaniko anati mawuwo ndi abwino kwambiri, akawapachike pakhoma la kachipinda kaja kuti azicheza nawo Lamlungu.

Masiku anayi amenewo a Galasi anayenda ngati munthu wonyamula madzi odzaza ndowa. Kawiri konse anafuna kumuitana mwanayo pambali. Koma akanati chiyani? Akanati ndiyang'ane, mwana wanga? Iwo anamuyang'ana liti? Lachinayi anamupeza yekha akugogoda matayala ndi nyundo, anaima pafupi, anatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka n'chakuti tayala lamkati nalonso aziligogoda. Iye anati waligogoda kale.

Pofika Lachisanu m'mawa anali ataganiza chochita. Sankafuna kumuchotsa mwanayo chifukwa cha kapusi yokha. Ankafuna umboni woti ngakhale iye mwini sangautsutse. M'mbali mwa bwalo, pafupi ndi pothera makoni, panali kontena yakale yosungiramo matayala. Anakonza zoti thirela ikafika pakati, adzalowa kuseri kwa kontenayo n'kusowa pagalasi. Thiraki ikapitirira kubwerera, ndiye kuti zatha, alemba mtanda wachiwiri n'kulandira kapusi.

Dzuwa linali litakwera pang'ono pamene Wabuledi analiza injini. Ophunzira anzake anakhala pamthunzi wa galaja, makaniko anaima pakhomo akupukuta manja ndi kansanza. A Galasi anakweza dzanja. Thirela inayamba kubwera, kabelu kake ka m'mbuyo kakulira. Anayang'ana pagalasi lakutali lija: kadontho koyera ka kapusi kanali chilozere kutsogolo, gwa, ngati masiku onse. Mtima unawawawa. Anatsitsa dzanja, anaponda kumanzere kawiri, n'kulowa kuseri kwa kontena.

Phazi lachiwiri lisanafike n'komwe pansi, mabuleki anafwenthera mpweya. Thiraki inaima nji, mpaka thirela inagwedezeka. Kabelu kanaleka. Kunamveka mpweya wina wa mabuleki oimikira, kenako chitseko, kenako nsapato zikutera pa fumbi.

A Galasi anatsamira chitsulo chotentha cha kontena. Anamva mapazi akuthamanga m'mbali mwa thirela, n'kuima. Anamva mwanayo akugwada kuti asuzumire pansi pa matayala.

"Aphunzitsi?"

Anayenera kutuluka pamenepo. Mayeso anali atatha, mwanayo anali atakhoza. Koma mapazi anathamangira mbali inayo, ndipo mawu amene anamveka kachiwiri sanali a Wabuledi wa m'kalasi. Anali a kamtsikana kamene kankawathamangira pageti zaka zambiri zapitazo.

"Bambo! Bambo!"

Apa tinene zoona, a Galasi anachita chinthu chosayenera mphunzitsi wa zachitetezo. Anakhalabe kuseriko kamphindi kena, maso ali otseka, kudikira kuti mwina aitananso kachitatu. Anachita manyazi ali pomwepo, komabe anadikira.

Kachitatu sikanabwere. Atatsegula maso, mwanayo anali ataima pakona ya kontena, mawondo a thalauza ali mbuu ndi fumbi, kapusi ili m'manja. Ankapuma mothamanga, ndipo nkhope yake inali ya munthu amene mantha akumuthera, mkwiyo n'kumalowa m'malo mwake.

A Galasi anamufunsa kuti wadziwa bwanji kuti asowa, popeza sanatembenuke.

"Munthu angaone bwanji kuti chinthu chasowa ngati samachiyang'ana?" anatero Wabuledi. Anapukuta kumaso ndi kapusi ija. "Ndili mwana, thiraki ikamveka kumsewu, ndinkathamangira pawindo. Ikadutsa, amayi ankalowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Ndinazindikira kuti chimene chimawaliza si thiraki, koma ine. Ndiye ndinaphunzira kuyang'ana pawindo mutu uli m'mbale. Maso okha. Anthu ena ndimawatembenukira, sizivuta. Koma inu khosi limakana lokha."

A Galasi anayang'ana kapusi ija m'manja mwa mwanayo. Milungu yonseyi ankaponya manja poganiza kuti akulozera mphepo, pamene mwanayo ankatsata chala chilichonse. N'chifukwa chake thirela inkalowa mosaphonya. Iwo, katswiri wa magalasi, anayang'ana kapusi n'kuiwala kuti pansi pake pali maso.

"Ndinakulakwira Lachisanu lija," anatero. Aka kanali koyamba kumulankhula ndi iwe chibwerere. "Ndi kale lomwe."

Mwanayo anavala kapusi, anasasa fumbi m'mawondo, n'kunena kuti thirela ikadali pakati pa njira.

"Kaimeni poonekera, aphunzitsi. Musadzachitenso zimenezi."

Anakaima poonekera. Thirela inalowa pakati pa makoni, ndipo a Galasi anachonga mzere uja. Makaniko anati fumbi la pabwaloli likuwononga anthu maso, n'kubwerera m'galaja akufwenthera m'kansanza ka mafuta kaja.

Wina angaganize kuti madzulo ake anakhala pansi n'kukambirana zonse. Sizinatero. Wabuledi anapita ku ofesi kukasaina mapepala, n'kukwera basi ndi anzake. Loweruka sanabwere. Lamlungu a Galasi anachapa jekete, ndipo uku ikuuma anabwereka mpando wachiwiri kwa mlonda n'kuuika pakhomo, mwina mwake. Dzuwa litapendeka anakaubweza.

Kampani inapatsa Wabuledi ulendo wautali, wa milungu itatu kupita ndi kubwera, pamodzi ndi dalaivala wina wamkulu woti amuzoloweze njira. Ananyamuka Lachiwiri m'mawa. A Galasi anali pabwalo akuyala makoni a gulu latsopano pamene thiraki yonyezimira inatuluka pamalo opakirira katundu, Wabuledi ali pa chiwongolero, kapusi yoyera ija ili kumutu. Inadutsa pafupi nawo pang'onopang'ono. Sanaimitse, sanalize hutala, ndipo kapusi inali chilozere kutsogolo.

A Galasi anasiya makoni. Anayenda mofulumira mpaka pakati pa msewu wopita kugeti, kumbuyo kwa thirela cha kumanja, pamalo pamene ankadziwa kuti galasi limagwira bwino. Anaima pamenepo ndi jekete yawo yowala, n'kukweza dzanja limodzi monga amachitira wolondolera pouza dalaivala kuti njira ili bwino. Kadontho koyera pagalasi sikanasunthe ngakhale pang'ono, ndipo ulendo uno a Galasi anadziwa tanthauzo lake.

Mlonda anakweza chitsulo cha pageti. Thiraki inatuluka, inakhotera kumanzere, thirela inatsatira, mpaka nyali zake zofiira zinabisika kuseri kwa mpanda. Milungu itatu, anawerenga mumtima. Iwo ankati milungu iwiri, masiku amenewo.

Makaniko anaitana kuchokera m'galaja kuti tiyi wapsa. Ophunzira atsopano anali ataima pamzere ndi makapusi awo oyera, akuyang'anizana, osadziwa ngati phunziro layamba kale. Kumsewu kunamveka thiraki ikubwera, ndipo mutu wa a Galasi unatembenuka wokha. Inali ya kampani ina, inangodutsa. Dzanja anali atatsitsa, koma pamalopo sanachoke, ndipo tiyi anazizira pa tayala.